Mbiri ya sitima ya ku Lichinga: nkhuni, dizilo ndi magetsi

Tsiku lina titamaliza kuwerenga, bambo wina wacikulire wa m'gulu lathu la masana anaimika dzanja. Anati: "Aphunzitsi, mdzukulu wanga wandionetsa pa foni sitima ya ku Tanzania yoyenda ndi magetsi. Nanga ife, eni ake Cahora Bassa, bwanji sitima yathu ikali kumwa mafuta? Ndiponso bwanji imathera pa Lichinga, osatsikira kuno kunyanja?"

Funso ili ndi la ife tonse. Simenti, mcere, sopo, malata ndi mafuta a galimoto zimene timagula kuno ku Metangula zimacokera kutali. Ulendo wa katundu ukavuta, mtengo wake umakwera. Cotero nkhani ya sitima ya pamtunda, imene ambiri timaichula komboyo, imatikhudza ngakhale kuti njanji siinafike pakhomo pathu. Kuti tiyankhe funsoli, tiyeni tibwerere m'mbuyo.

1. Tinayamba kuona nthunzi pamadzi

Ife a kunyanja tinadziwa sitima ya pamadzi tisanadziwe ya pamtunda. Amishoni a Anglikani, amene pambuyo pake anakhazikika pa Messumba, anamanga sitima yochedwa Charles Janson mu 1885. Mu 1901 anatsitsira m'madzi ina yaikulu yochedwa Chauncy Maples. Sitima zimenezi zinali kuyenda ndi moto wa nkhuni. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anali kudula mitengo ndi kuiunjika padoko. Sitima ikafika inali kunyamula nkhunizo ndi kupitiriza ulendo.

Pambuyo pake zinthu zinasintha. Sitima ya Ilala, imene inamangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba nchito pa nyanja yathu mu 1951, inabwera ndi injini za dizilo. Akulu ambiri akuikumbuka pamene inali kuima pa Cóbuè ndi pa Metangula pano. Mu 1967 nayo Chauncy Maples anaicotsa makina a nthunzi ndi kuiikira injini ya dizilo. Kusintha kumene kunacitika pamadzi kunacitikanso pa njanji.

2. Njanji imene inacedwa

M'nthawi ya atsamunda dziko la Niassa linali m'manja mwa kampani yochedwa Companhia do Niassa kufikira 1929. Kampaniyi inalonjeza kumanga njanji kucokera ku Pemba, m'mbali mwa nyanja ya mcere, kufika ku nyanja yathu ino. Inatolera msonkho wa nyumba zaka zambiri. Inatumiza amuna kukagwira nchito kutali. Koma njanjiyo siinamangidwe.

Njanji imene tili nayo inayambira kwina. Boma la Apwitikizi linaiyambira pa Lumbo, moyang'anana ndi cilumba ca Ilha de Moçambique, m'zaka za m'ma 1910. Nchito inayenda pang'onopang'ono. Njanji inafika ku Nampula mu 1930. Mu 1947 anamanga nthambi yopita ku Nacala, cifukwa kumeneko madzi ndi akuya ndipo zombo zazikulu zimatha kufika pafupi ndi mtunda. Mu 1950 njanji inafika ku Cuamba. Kucokera ku Nacala kufika ku Cuamba ndi makilomita 533.

Kodi anakumba dothi ndani? Anasenza miyala ndi zitsulo ndani? Anali makolo athu. Ambiri anagwidwa cibalo, ndiye kuti nchito yokakamiza ya malipiro ocepa. Maina awo sanalembedwe pa siteshoni iliyonse, koma njanjiyo ndi thukuta lawo.

Atsamunda sanamange njanji kuti anthu aziyenderana. Anaimanga kuti izitsitsira ku doko thonje, fodya, tiyi ndi zokolola zina, kuti zipite ku Ulaya. N'cifukwa cake malo amene analibe katundu wambiri wogulitsa kunja anacedwa kuona sitima.

Cimene cinafulumiza nthambi ya ku Lichinga ndi nkhondo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu Sepitembala 1964, ndipo kuno ku Lago inayambira ku Cóbuè. Apwitikizi anafuna njira yacangu yobweretsera asilikali ndi zida. Ngakhale mabwato awo a nkhondo, amene anali kukhala pa Metangula pano, anabwera pa sitima kufika pa Catur. Kucokera apo anawakoka pamsewu kufikira ku Meponda, ndi kuwatsitsira m'nyanja. Mu 1969 njanji inafika ku Lichinga, kumene nthawi imeneyo kunali kuchedwa Vila Cabral. Kucokera ku Cuamba kufika ku Lichinga ndi makilomita 262. Mu 1970 nthambi ina inalumikiza Cuamba ndi Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi.

Pamenepo njanji inaima. Lichinga ili pamwamba pa mapiri, nyanja ili pansi. Kucokera ku Lichinga kufika ku Metangula ndi makilomita oposa 100, ndipo citunda cake tonse timacidziwa. Sitima siikwera malo otsetsereka kwambiri ngati galimoto, cifukwa magudumu acitsulo amaterera pa njanji yacitsulo. Kutsitsa njanji pa citunda cotere kumafuna milatho, kuboola mapiri ndi ndalama zambiri. Ku tsidya la Malawi, kumene dziko ndi lacidikha, njanji inafika pa doko la Chipoka kale mu 1935.

3. Mutu wa sitima wa nthunzi

Mabogi sayenda okha. Amakokedwa ndi makina amene timawachula mutu wa sitima. Mitu yoyamba inali ya nthunzi. Taonani m'mene inali kugwirira nchito.

Mukaphika madzi m'poto wovundikira, civundikiro cimavina. Cimene cimacivinitsa ndi nthunzi. Mutu wa sitima unali ngati poto wamkulu wacitsulo wogona pa magudumu. Kumbuyo kwake kunali ng'anjo. Munthu mmodzi anali kuponya nkhuni kapena malasha m'ng'anjomo. Madzi akawira, nthunzi inali kukankha zitsulo zolumikizidwa ku magudumu, ndipo magudumu anali kuzungulira.

Makina amenewa anali olimba. Ena opangidwa ku Germany ndi kampani ya Henschel m'zaka za m'ma 1920 anali kukokabe sitima za anthu pakati pa Nampula ndi Nacala m'zaka za m'ma 1970. Amisiri anali kutha kusula okha zitsulo zambiri zowakonzera.

Koma mavuto ake anali ambiri. Coyamba, mutu wa nthunzi unali kumwa madzi kwambiri. Pa masiteshoni ambiri panali thanki lalitali, ndipo sitima inali kuima kuti imwe. Caciwiri, kukoleza moto kufikira madzi atawira kunali kutenga maola angapo. Cacitatu, mphamvu yambiri inali kutayika. Pa nkhuni 100 zoponyedwa m'ng'anjo, mphamvu yofika ku magudumu inali ya nkhuni zosakwana 10. Yotsalayo inali kuthawa ndi utsi ndi kutentha. Cacinayi, nchito ya wokoleza moto inali yowawa, ndipo moto wothetheka unali kutentha thengo ndi minda ya m'mbali mwa njanji.

4. Kubwera kwa dizilo

Cifukwa ca mavuto amenewa maiko anayamba kusiya nthunzi. Ku Mozambique ndi ku Malawi mitu ya dizilo inayamba kufika m'zaka za m'ma 1960, ndipo inaculuka m'zaka za m'ma 1970. Ya nthunzi inapumitsidwa pang'onopang'ono. Ina inasungidwa kuti ana aziiona, monga ku nyumba yosungira zakale ya pa siteshoni ya Maputo ndi ya pa Chichiri ku Blantyre.

Pano pali cinthu cimene ambiri sitidziwa. Mutu waukulu wa dizilo nawonso umayenda ndi magetsi. Injini yake siizunguza magudumu monga m'galimoto. Imazunguza jenereta. Jenereta imapanga magetsi. Magetsiwo amapita ku mamota amene ali pa magudumu. Ndiye kuti sitima imanyamula pamsana pake malo ake opangira magetsi.

Ubwino wa dizilo ndi woonekeratu. Injini imalira msanga. Siifuna kuima kawirikawiri kuti imwe madzi. Pa mphamvu 100 za m'mafuta, pafupifupi 30 zimafika ku magudumu. Mitu iwiri, itatu kapena inayi imatha kulumikizidwa, woyendetsa n'kukhala mmodzi.

Koma dizilo inabwera ndi ngongole yake. Nkhuni zinali za m'thengo lathu, ndipo malasha alipo ku Moatize. Dizilo imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Zitsulo zosinthira nazonso zimacokera kunja. Kacitsulo kamodzi kakasowa, mutu wonse umagona miyezi. Ndiponso mmisiri wa dizilo ayenera kudziwa kuwerenga buku la makina, manambala ndi zojambula za mawaya.

5. Ufulu ndi nkhondo

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Nthawi imeneyo anthu oposa 90 pa 100 alionse sanali kudziwa kuwerenga. Pa njanji, nchito zambiri zaumisiri, zoyendetsa sitima ndi za m'maofesi zinali m'manja mwa Apwitikizi. Ambiri a iwo atacoka, ana a dziko lino, amene kale anali othandizira cabe, anatenga nchitozo. Anaphunzira nchito ili m'manja, ndipo sitima zinayendabe.

Kenaka inabwera nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo. Njanji inakwiriridwa mabomba. Milatho inaphwanyidwa. Sitima zinatenthedwa, ndipo anchito ndi apaulendo anafa. Mu 1984 katundu wa ku Malawi analeka kudutsa pa njanji ya Nacala. Malawi anayamba kutenga katundu wake pa njira zakutali za ku Durban ndi Dar es Salaam, ndipo mu 1987 anatumiza asilikali ake kudzathandiza kulondera njanjiyo.

Niassa anakhala ngati cilumba. Sitima yopita ku Lichinga inali kubwera mwa apo ndi apo, moperekezedwa ndi asilikali. Mcere, sopo ndi mafuta zinasowa. Akulu amene anaona zaka zimenezo angatiuze bwino.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Njanji ya pakati pa Nacala ndi Cuamba inakonzedwa ndi cithandizo ca maiko a France, Portugal ndi Canada, ndipo nchitoyo inatha m'zaka za m'ma 1990. Koma nthambi ya ku Lichinga inatsala m'mbuyo.

6. Njanji imene inafa, n'kudzukanso

Pano pali phunziro lalikulu. Nkhondo inatha, mitu ya dizilo inalipo, koma sitima ya ku Lichinga siinacire. Cifukwa ciani? Cifukwa njanji yeniyeniyo inali itakalamba.

Njanji imagona pa mitanda, ndipo mitanda imagona pa miyala yophwanya. Mitanda ikaola, zitsulo zimatayana. Ngalande zikatsekeka, madzi a mvula amakokolola dothi la pansi. Udzu ukamera pakati, magudumu amaterera. Pa njanji yotere ngakhale mutu watsopano umayenda ngati nkhono, ndipo mabogi amagwa. Ulendo wa makilomita 262 unayamba kutenga masiku. Sitima inayamba kubwera kamodzikamodzi, ndipo potsiriza inalekeratu. Katundu yense anasamukira pa malole, pa msewu wafumbi umene unali kuvuta m'dzinja. Wolipira anali wogula wa ku Lichinga, wa ku Maniamba ndi wa ku Metangula.

Mu 2005 boma linapereka njanji ya kumpoto kuti iziyendetsedwa ndi kampani yochedwa Corredor de Desenvolvimento do Norte, mwacidule CDN. Patapita zaka zingapo inalowamo kampani ya ku Brazil yochedwa Vale, imene inali kukumba malasha ku Moatize. Vale inafuna njira yotulutsira malasha ake. Inamanga njanji yatsopano kucokera ku Moatize kudutsa m'Malawi, inakonza yakale, ndipo inamanga doko latsopano ku Nacala-à-Velha. Njira yonseyo ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 2017. Panabwera mitu yaikulu ya dizilo ya kampani ya General Electric, yokoka mabogi a malasha oposa 100 pa ulendo umodzi.

Nthambi ya Cuamba ndi Lichinga inakonzedwanso m'nthawi yomweyo. Anacotsa mitanda yoola ndi kuika ya simenti. Anathira miyala yatsopano. Mu Novembala 2016 Pulezidenti Filipe Nyusi anaitsegulanso, ndipo patapita nthawi yocepa sitima ya anthu inayambanso kuima pa Mitande ndi pa Catur. Ulendo wa masiku unasanduka wa maola. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wake ndi gawo lake la njanji kwa kampani ya Vulcan, ya eni ake a ku India.

Nayo kampani ya boma ya CFM inagula zatsopano. Mu 2021 ndi 2022 inalandira mitu ya dizilo ndi mabogi a anthu ocokera ku India, kuti alowe m'malo mwa akale pa njanji za kumwera ndi za pakati pa dziko.

Tisaiwale cinthu cimodzi. Ndalama zokonzera njanji ya kumpoto zinabwera cifukwa ca malasha. Kale zinali thonje ndi asilikali, pambuyo pake malasha. Nthambi ya ku Lichinga ilibe malasha. Moyo wake uli pa katundu wa Niassa: cimanga, nyemba, soya, matabwa, ndi zimene timagula kucokera ku doko.

7. Nanga magetsi?

Tsopano tafika pa funso la bambo aja. Sitima ya magetsi siinyamula injini kapena mafuta. Pamwamba pa njanji pamakhala waya, ndipo pa denga la sitima pamakhala mkono wacitsulo wokhudza wayayo. Magetsi amatsika kupita ku mamota. Sitima yotere ndi yacangu, ilibe utsi, ndipo siivuta kusamala ngati ya dizilo.

Mu 2024 dziko la Tanzania linayamba kuyendetsa sitima za magetsi kucokera ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi ku Dodoma. Sitimazo zinapangidwa kuti zizitha kuthamanga makilomita 160 pa ola. Koma Atanzania sanangogula sitima. Anamanga njanji yatsopano yonse, yotakata mamilimita 1,435. Yathu ndi yotakata mamilimita 1,067, monga ya ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Sitima ya ku Dodoma siingayende pa njanji ya ku Lichinga.

Njanji yopapatiza ngati yathu nayo ingathe kukhala ndi magetsi. Ku South Africa zilipo zambiri. Koma taonani zimene zinacitika ku Zimbabwe. Mu 1983 anaika waya wa magetsi pa njanji ya pakati pa Harare ndi Gweru, mtunda wa makilomita oposa 300. Sitima zinayenda bwino zaka zambiri. Cuma ca dziko citavuta, magetsi anayamba kuzimazima, ndalama zokonzera zinasowa, ndipo akuba anadula mawaya. Patatha zaka pafupifupi 25, sitima za magetsi zinaima, ndipo anabwerera ku dizilo.

Nzoona kuti tili ndi Cahora Bassa. Damu limeneli linamalizidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 lili m'manja mwa dziko la Mozambique. Magetsi ake anafika ku Lichinga ndi kuno ku Metangula. Koma kuyatsa babu m'nyumba ndi kukoka sitima ndi zinthu zosiyana. Sitima imafuna mizati ndi waya pa kilomita iliyonse, nyumba zogawira magetsi m'njira monse, ndi magetsi osazima. Magetsi akazima, sitima imaima pakati pa thengo. Ndalama zimenezi zimabwerera pokhapokha pa njanjiyo pakudutsa sitima zambiri tsiku lililonse. Pa nthambi ya sitima zocepa, dizilo ndiyo imachipa.

8. Zimene mbiri ikutiphunzitsa

Bambo aja anafunsa za magetsi, koma mbiri yatiyankha zoposa pamenepo. Mitu ya nthunzi inagwira nchito zaka 50 cifukwa inali ndi amisiri oisamala. Mitu ya dizilo inalephera kufika ku Lichinga pamene mitanda inaola. Sitima za magetsi za ku Zimbabwe zinaima pamene waya unabedwa. Mutu watsopano ndi wabwino, koma paokha sukwanira. Pamafunika njanji yolimba, zitsulo zosinthira, amisiri ophunzira, katundu wonyamula ndi mtendere.

Asodzi akudziwa bwino zimenezi. Mungagule injini yatsopano, koma ngati bwato likudontha simufika ku Likoma.

Njanji ya ku Lichinga inafa kamodzi. Ingathe kufanso ngati isiyidwa. Msewu wa Cuamba ndi Lichinga unathiridwa phula, ndipo malole akupikisana ndi sitima. Malole ndi acangu pa katundu wocepa, koma pa katundu wolemera wa ulendo wautali, monga simenti, feteleza ndi mafuta, sitima imodzi imanyamula za malole ambiri. Cotero pa misonkhano ya m'mudzi ndi ya ku boma tili ndi mafunso oyenera kufunsa. Kodi sitima ikubwera kangati pa sabata? Kodi mlimi wamng'ono angakweze bwanji matumba ake? Kodi usipa wouma wa ku Lago ungafike bwanji ku Cuamba ndi ku Nampula pa mtengo wotsika? Kodi ana athu akuphunzitsidwa nchito za njanji?

Abale athu okhala m'mbali mwa njanji nawonso ali ndi gawo lawo: kusacotsa zitsulo ndi miyala, kusalima pafupi ndi njanji, ndi kuphunzitsa ana kuima ndi kuyang'ana asanadutse. Sitima yolemera siima msanga.

Makolo athu anaimanga njanjiyi mokakamizidwa, kuti ipindulitse ena. Ife tiidziwe mbiri yake, kuti tidziwe coyenera kupempha ndi coyenera kusamala.

Mafunso okambirana

1. Kodi njanji inafika caka citi ku Cuamba? Nanga ku Lichinga?
2. Chulani mavuto awiri a mutu wa nthunzi ndi mavuto awiri a mutu wa dizilo.
3. Kucokera ku Nacala kufika ku Cuamba ndi makilomita 533. Kucokera ku Cuamba kufika ku Lichinga ndi 262. Onse pamodzi ndi makilomita angati?
4. N'cifukwa ciani sitima inaleka kufika ku Lichinga ngakhale nkhondo inali itatha?
5. Funsani munthu wamkulu wa m'mudzi mwanu za ulendo wake woyamba pa sitima. Lembani mizere isanu ya zimene akuuzeni.